Paul Brand, Sing'anga wa Manja Opuwala

Ife a ku Thyolo tidziwa kuti dzanja ndilo chuma cha mmphawi, pakuti tiyi athyola ndi zala. Tsono timve za munthu amene anatha moyo wake pokonza manja opuwala.

Paul Brand anabadwa mu 1914 kumwera kwa India, kumene makolo ake anali amishoni ku mapiri a Kolli. Anaphunzira udotolo ku London, ndipo komweko anaona mmene Denis Browne anali kuwongolera ana obadwa ndi mapazi opindika. Mu 1946 anabwerera ku India, nayamba ntchito pa chipatala cha Vellore.

Kumeneko anapeza akhate ambiri a zala zopinda ngati zikhadabo za kabawi. Masiku amenewo anthu ankati khate limadya mnofu. Koma iye, atafufuza mosatopa, anapeza kuti nthendayo imapha mitsempha yomvera ululu. Munthu amapsa kapena kudzicheka osamva kanthu, chilonda chimakula, chala nkutha. Ena makoswe anali kuwaluma zala usiku ali m'tulo. Nchifukwa chake odwala ake popita kwawo ankatenga mphaka.

Anayambanso kung'amba manja otere. Ankatenga msempha wa mnofu wamphamvu, naulumikiza ku chala chofooka, kuti chiwongoke ndi kugwiranso ntchito. Madotolo amachita chimodzimodzi pothandiza ana ena obadwa ndi chala chachikulu chopanda mphamvu. Mu 1966 anasamukira ku Carville, ku Amereka, ndipo mu 1985 anatulutsa buku lofotokoza mayendedwe a dzanja. Anamwalira ku Seattle mu 2003.

Iye sanali Mkatolika, koma chifundo chake chitikumbutsa Damiano Woyera wa ku Molokai, amene anafera pakati pa akhate mu 1889. Onse awiri sanaope kugwira dzanja limene ena anali kunyansidwa nalo.

Inu makolo ndi akatekisti, mwana wobadwa ndi zala zomatana kapena mkono wokhota si tsoka, ndiponso si ntchito ya mfiti. Ndi mphatso ya Mulungu monga ana ena onse. Musambise m'nyumba ayi. Pitani naye msanga ku chipatala, pakuti ku Blantyre kuli chipatala cha Beit CURE, chotsegulidwa mu 2002, chimene chimakonza ziwalo za ana. M'mera mpoyamba.