Johnson, mwana wa John

Kalekale ku England munthu anali ndi dzina limodzi lokha. M'mudzi umodzi munkapezeka a John ambiri ndi a William ambiri. Pofuna kuwasiyanitsa, anthu anayamba kuonjezera dzina la bambo. Mwana wa John ankamuitana Johnson. Kenaka dzinali linakhala la banja lonse.

William Percival Johnson anabadwira ku England m'caka ca 1854. Atakula anakhala wansembe wa mpingo wa Anglican. M'caka ca 1882 anafika ku nyanja ya Niassa. Anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, naphunzira Cinyanja kwa eni ake.

M'caka ca 1884, ali ku Quelimane, anadwala maso mpaka analeka kuona. Anapita kwao kukalandira mankhwala. Diso limodzi linayamba kuona pang'ono. Johnson sanakhalitse kwao. Anabwerera ku nyanja.

Ankayenda pa sitima ya pamadzi, kuyendera midzi ndi masukulu. Ngakhale ankaona movutikira, sanaleke kulemba. Pamodzi ndi anzake anamasulira Baibulo m'Cinyanja. Anasonkhanitsanso miyambi ya Anyanja, naiika m'buku m'caka ca 1922.

Johnson anamwalira m'caka ca 1928 ku Liuli, m'dziko la Tanzania, m'mbali mwa nyanja yomweyo.

Mafunso
1. Dzina lakuti Johnson litanthauza ciani?
2. Johnson anadwala ciani ku Quelimane?
3. Funsani makolo anu: dzina la banja lanu linacokera kuti?