John Buchanan ndi Dzina la Chinaka

M'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi, mvula ikatha, amayi ndi ana amatsikira kumadambo kukakumba chinaka. Amasinja timizu take tozungulira, naphika ndi chidulo, ndipo chikazizira chimalimba monga nyama. Ena amachitcha chikande, ndipo Abemba a ku Zambia amati chikanda. Koma zomera zotchedwa ndi maina amenewa si mtundu umodzi ayi. Ilipo mitundu yambiri, ya maluwa oyera, ofiira ndi achikasu.

Chifukwa chake anthu ophunzira za zomera amapatsa mtundu uliwonse dzina lake m'Chilatini, kuti munthu wa ku Ntchisi ndi wa ku London asasokonezane. Dzinalo limakhala la mawu awiri, monga anakhazikitsira Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753. Liwu loyamba lifanana ndi chiwongo, monga Phiri kapena Banda. Lachiwiri ndilo dzina la mwini wake. Tsono mtundu wina wa chinaka, wa maluwa oyera, utchedwa Satyrium buchananii, ndiko kunena Satyrium wa Buchanan.

John Buchanan anabadwira ku Scotland m'chaka cha 1855. Ali mnyamata anaphunzira ntchito yosamala minda ya maluwa ndi mitengo, ndipo mu 1876 anadza pamodzi ndi amishoni amene anayamba mudzi wa Blantyre. Ntchito yake inali ya kumunda. Koma masiku amenewo amishoni ena anayamba kuweruza milandu ngati mafumu, nakwapula anthu mwankhanza, kufikira munthu wina anafa nazo. Mbiriyo itamveka ku Scotland, akulu a mpingo anatuma anthu kudzafunsa, ndipo mu 1881 anachotsa ntchito amishoni atatu. Mmodzi wa iwo anali Buchanan.

Iye sanabwerere kwawo. Anakhala ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, nalima khofi ndi nzimbe pamodzi ndi abale ake. Pambuyo pake anagwirako ntchito ya boma la Britain, ndipo mu 1889 ndiye analengeza kuti dziko la mapiri a kufupi ndi Shire lili m'manja mwa bomalo.

Pakati pa ntchito zonsezi sanaleke kukonda zomera. Poyenda m'mapiri ndi m'madambo anali kuzula chomera chilichonse chachilendo kwa iye, nachigoneka pakati pa mapepala, nachitsendereza ndi cholemera kufikira chitauma. Pamenepo analemba malo amene anachipeza, natumiza ku Kew, munda waukulu wa zomera kufupi ndi London. Kumeneko ndi m'mizinda ina ya ku Ulaya akatswiri anaziyerekeza ndi zomera zina zochokera kutali, ndipo zambiri zinapezeka kuti sizinalembedwepo m'mabuku awo, ngakhale eni dziko anazidziwa ndi kuzidya kuyambira kale.

Mu 1896 Buchanan ananyamuka ulendo wa kwawo, koma anadwala malungo, namwalira pa Chinde, pamene Zambezi athira m'nyanja yaikulu. Anali wa zaka 40. Patapita nthawi pang'ono Mjeremani wina, dzina lake Rudolf Schlechter, anapenda chinaka chouma chimene Buchanan anatumiza, nachilemba m'buku ndi dzina la amene anachitola.