Rod Serling, shasha yolemba mafilimu a pa TV imene inagulitsa mgodi wake

Filimu ikatha pa TV, ambirife timasintha tchanelo mayina aja akangoyamba kukwera. Osewera timawadziwa, koma amene analemba nkhaniyo, dayilekita amene anawongolera osewerawo, ndi pulodyusa amene anasaka ndalama n'kulemba anthu ntchito, amenewo sitiwalabadira. Lero ndikuuzeni za mmodzi wa anthu a m'mayina amenewo, Rod Serling wa ku America. Anamwalira mu 1975, kutatsala zaka 24 kuti Malawi akhale ndi wailesi yakeyake ya kanema. Koma ngati mumajambula timasewero pa foni n'kumaponya pa TikTok kapena Facebook, khalani pansi, nkhaniyi ikukukhudzani.

Serling anabadwa pa 25 Disembala 1924 ku Syracuse m'chigawo cha New York, n'kukulira m'tauni ya Binghamton, kumene bambo ake ankagulitsa nyama. Atangomaliza sekondale mu 1943 analowa usilikali, gulu lija lodumpha m'ndege ndi parachuti, ndipo anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Philippines. Anavulala bondo ndi dzanja, anaona anzake akufa, ndipo maloto oipa a nkhondoyo sanamusiye moyo wake wonse. Atabwerako, boma linamulipirira sukulu ku Antioch College ku Ohio. Kumeneko ndi kumene anayambira kulemba masewero a pa wailesi, ndipo anakwatira Carol Kramer mu 1948. Ndalama zikavuta ankagwira ganyu yoyesa maparachuti a asilikali. Eya, kudumpha m'ndege kuti aone ngati chinthucho chitseguke.

Atamaliza sukulu mu 1950 anapeza ntchito pa wailesi ya WLW ku Cincinnati. Masana ankalemba mauthenga otsatsa malonda, usiku n'kumalemba masewero ake. Ankawatumiza uku ndi uku, ambiri n'kumabwezedwa. Kenako anasiya ntchito ija kuti azingodalira kulemba basi.

TV ya nthawi imeneyo inali yosiyana ndi ya lero. Masewero ambiri ankaulutsidwa pompopompo, anthu akuonera osewera akuchita nthawi yomweyo, ukalakwitsa walakwitsa. Ndipo pulogalamu yonse inkalipiridwa ndi makampani otsatsa malonda, ena mpaka ankaipatsa dzina lawo. Mfundo imeneyi muisunge.

Mwayi unamugwera pa 12 Januwale 1955, pamene pulogalamu ya Kraft Television Theatre inaonetsa sewero lake la Patterns. Ndi nkhani ya bwana wouma mtima amene akuzunza wachiwiri wake wokalamba kuti atule yekha pansi udindo, atabweretsa kale mnyamata woti alowe m'malo mwake. Anthu analikonda kwambiri moti pa 9 Febuluwale osewera anaitanidwanso kudzalichita kachiwiri. Serling anapata mphoto ya Emmy. Chaka chotsatira analemba Requiem for a Heavyweight, nkhani ya wankhonya wotheratu amene manijala wake akumudyera masuku pamutu. Zankhonya ankazidziwa, poti ku usilikali ankamenya ndipo anathyokako mphuno. Emmy ina inabwera.

Koma kutchuka sikunamupatse mphamvu pa zolemba zake. M'sewero la wankhonya lija munali mzere woti munthu akupempha machesi. Unachotsedwa, chifukwa imodzi mwa makampani olipira inali Ronson, yopanga malayita. Imeneyo mutha kuseka. Inayi si yoseketsa.

Mu Ogasiti 1955 azungu ku Mississippi anapha Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 wochokera ku Chicago. Amuna awiri anazengedwa mlandu, koma oweruza, amene onse anali azungu, anawamasula. Serling zinamuwawa ndipo analemba sewero la Noon on Doomsday lonena za mudzi umene ukuikira kumbuyo wakupha. Zitamveka kuti nkhaniyo ikufanana ndi ya Till, magulu a azungu atsankho a kumwera anatumiza makalata ambirimbiri oopseza kuti asiya kugula katundu wa kampani yolipira, United States Steel. Pofika mu Epulo 1956 pamene linaonetsedwa, sewerolo linali litasamutsidwira ku New England, kumpoto, ndipo wophedwayo sanalinso mnyamata wakuda koma mkulu wina wobwera. Ngakhale mabotolo a Coca-Cola anawachotsa poopa kuti akumbutsa anthu za kumwera. Anayesanso mu 1958 ndi A Town Has Turned to Dust. Ulendo uno nkhani inabwezedwa m'mbuyo mpaka zaka za m'ma 1870, wophedwa n'kukhala wa ku Mexico.

Apa ndiye mkuluyu anatulukira zinthu ziwiri. Choyamba, nkhani yomweyo ukaiveka zovala za mizukwa, maroboti ndi zolengedwa zochokera ku mapulaneti ena, otsatsa malonda sachita nayo mantha. Chachiwiri, wolemba amene si mwini wa pulogalamu ali ngati waganyu m'munda wa eni. Ndiye anatsegula kampani yake, Cayuga Productions, n'kukhala pulodyusa wamkulu wa pulogalamu yatsopano, The Twilight Zone, imene inayamba pa CBS pa 2 Okutobala 1959. Inayenda zaka zisanu, magawo 156, ndipo 92 mwa amenewo analemba ndi iyeyo. Ndi iyenso amene ankatsegula ndi kutseka gawo lililonse ndi mawu ake, ndipo pambuyo pake anayamba kumaonekera atavala suti, ndudu ili kumanja.

Tengani gawo la The Monsters Are Due on Maple Street la mu 1960. Magetsi azima mumsewu wina, magalimoto akukana kulira, mafoni afa. Kamnyamata kena kakuti pakati pawo pali zolengedwa zachilendo zodzisandutsa anthu. Posakhalitsa anthu oyandikana nyumba ayamba kulozana zala, mpaka wina aombera mnzake n'kumupha. Kumapeto tikuona zolengedwazo zili paphiri, zikungozimitsa ndi kuyatsa magetsi, kudikira kuti anthuwo amalizane okha. Serling ankanena za America ya nthawi ya McCarthy, pamene anthu ankanenerana kuti ndi achikomyunizimu. Ife amene tinaona zimene mphekesera za anamapopa zinachita m'madera mwathu sitikufunika wotimasulira.

Pulogalamuyi inatha mu 1964, Serling atatopa kwambiri. Ndiye anapanga chimene banja lake linadandaula nacho pambuyo pake: anagulitsa gawo lake la umwini kwa CBS, poganiza kuti kubwereza magawo akale sikudzabweretsa phindu lenileni. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma apa wa pachala uja sanapite ndi mphepo. The Twilight Zone yakhala ikubwerezedwa kuyambira pamenepo mpaka lero, ndipo ndalamazo zakhala zikulowa m'thumba la ena.

Nthawi imeneyo masewero a pompopompo anali atatha, mawailesi atayamba kupanga mafilimu athunthu oonetsa pa TV pokha. Serling analowa m'menemo ngati wolemba wamba. Mu Disembala 1966 NBC inaonetsa The Doomsday Flight, filimu yake yonena za bomba lobisidwa m'ndege, loti liphulike ndegeyo ikatsika. Inaoneredwa ndi anthu ochuluka, koma masiku otsatira makampani a ndege anayamba kulandira mafoni abodza oopseza za mabomba. Serling ananong'oneza bondo poyera kuti analemba filimuyo.

Mu Novembala 1969 kunabwera filimu ya Night Gallery, ya nkhani zitatu. Imodzi mwa izo, yosewera Joan Crawford, anaiwongolera mnyamata wa zaka 22 amene inali ntchito yake yoyamba yolipidwa ngati dayilekita. Dzina lake Steven Spielberg. Filimuyo itasanduka pulogalamu yopitirira, Serling sanafune kusenzanso mtolo wa upulodyusa, ndipo udindowo unapita kwa Jack Laird. Zotsatira zake, zolemba zake zina zinkasinthidwa, zina kukanidwa, koma nkhope ndi dzina lake n'zimene zinkagulitsa pulogalamuyo. Munthu wa ma Emmy asanu ndi limodzi anabwerera pomwe anayambira, kupempha chilolezo pa nkhani zake zomwe.

Zaka zake zomaliza ankaphunzitsa kulemba ku Ithaca College ndi kutsatsa malonda a makampani pa TV. Fodya ankasuta mapaketi atatu kapena anayi patsiku. Mtima unayamba kuvuta mu Meyi 1975, ndipo pa 28 Juni anamwalira ku chipatala ku Rochester atachitidwa opaleshoni ya mtima. Anali ndi zaka 50 zokha.

Ndiye inu amene timasewero tanu tayamba kuyenda, tsiku lina kudzabwera munthu ndi envulopu ndi pepala loti musaine. Ndalamayo landirani, lendi siidikira. Koma musanagwire cholembera, funsani zinthu ziwiri: ndani ali ndi mphamvu yosintha zimene ndalemba, ndipo sewerolo likadzaonetsedwanso zaka khumi zikubwerazi, ndalama idzalowa kwa ndani?