Hugh Tracey, Mlendo Amene Anatola Nyimbo za Makolo Athu

Pa mndandanda wa anthu amene anasiya mbiri, lero tafika pa Bambo Hugh Tracey, amene anathera moyo wawo potola nyimbo za makolo a mu Africa kuti zingafere limodzi ndi oziimba.

Bambo Tracey anabadwa m'chaka cha 1903 ku Devon, m'dziko la Mangalande. M'chaka cha 1921 anafika ku Southern Rhodesia, kumene lero timati Zimbabwe, kudzathandiza mkulu wawo kulima fodya. Kumundako anaphunzira Chikaranga pomvetsera antchito akuimba. Masiku amenewo Azungu ambiri ankayesa nyimbo zotere phokoso lachabe, koma iwo anazindikira kuti m'nyimbomo ndimo muli mbiri, mwambo ndi nzeru za mtundu.

M'chaka cha 1929 anatsagana ndi oimba Achikaranga ku Johannesburg kukajambula nyimbo zawo pa mbale za galamafoni. Pambuyo pake anagwira ntchito ya pawailesi ku Durban, ndipo m'chaka cha 1948 anatulutsa buku lofotokoza za Achopi a ku Mozambique, akatswiri oimba timbila, chimene chili ngati mangolongondo. Anayenda ndi makina ojambulira mawu mpaka ku Congo ndi ku Uganda. Kuno kwathu, dziko likutchedwabe Nyasaland, anafika m'zaka za 1950 ndi 1958, najambula bangwe, malipenga ndi nyimbo za amayi zapamtondo.

Iwo anaona kuti ntchito yotere siingatheke ndi munthu mmodzi. Tsono m'chaka cha 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort, nayambitsanso magazini ya African Music, yomwe inkaitana onse odziwa za nyimbo kuti atumize zimene afufuza. Atamwalira m'chaka cha 1977, nyumbayo inasamukira ku Rhodes University chaka chotsatira. Kumeneko mwana wawo, Andrew Tracey, anayambitsa m'chaka cha 1980 misonkhano imene ofufuza za nyimbo ankawerengerana zolemba zawo ndi kufunsana mafunso.

Komabe mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kawirikawiri Bambo Tracey sankakhalitsa pamudzi, ndipo tanthauzo la nyimbo zambiri ankalimva kudzera mwa womasulira. Makina anasunga mawu ndi maliridwe a ng'oma, koma sanasunge chifukwa chimene mayi wapamtondo ankanyogodolera apongozi ake, kapena yemwe woimba bangwe ankamulira.

Mbali yotsalayi njathu. Inu aphunzitsi, ndi inu amene mwangotsiriza sukulu, mumamva chinenero cha nyimbozi ndiponso mumadziwa agogo amene akuzikumbukirabe. Khalani nawo pansi, lembani mawu ake, woimba, mudzi ndi nthawi imene nyimboyo imaimbidwa. Ndipo mukamva kuti msonkhano wa ofufuza za nyimbo ukuitana zolemba, musati nza anthu a madigiri okha. Tumizani zanu agogowo akali moyo.