Friedrich Miescher, Dotolo Amene Anapeza DNA M'mafinya

Anzanga, pa anthu onse amene timamva maina ao m'phunziro la sayansi, ine ndikonda kwambiri Friedrich Miescher, ngakhale mabuku athu samchula kawirikawiri.

Iye anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, pa 13 August, 1844. Anaphunzira udotolo, koma nthenda ya typhoid inamuononga makutu, kotero kumvetsera cifuwa ca wodwala kukadambvuta. Tsono m'caka ca 1868 anapita ku Tübingen kukagwira nchito pansi pa Felix Hoppe-Seyler, m'cipinda cimene kale cinali cophikiramo ca nyumba ya mafumu.

Nchito yace inali yonyansa ndithu. Anali kutenga nsaru zomangira zilonda ku cipatala, nazitsuka kuti apeze maselo oyera a m'magazi amene amadzala m'mafinya. Pofuna kucotsa mapuloteni, anathirapo pepsin, enzyme yocokera m'mimba mwa nkhumba. Cimene cinatsala sicinafanane ndi puloteni iri yonse, ndiponso cinali ndi phosphorus wambiri. M'caka ca 1869 anacicha nuclein, cifukwa cinacokera m'kati mweni-mweni mwa selo. Ndico cimene ticicha DNA. Hoppe-Seyler anakayika, nayamba wabwereza yekha nchito yonseyo, kotero mbiriyo inasindikizidwa mu 1871. Ine ndiganiza kuti mkuluyo anacita bwino, ngakhale kudikira zaka ziwiri kuyenera kuti kunamuwawa mnyamatayo.

Miescher sanadziwe kuti nuclein ndiyo imasunga cibadwa ca makolo mwa ana. Ici cinaoneka mu 1944. Sanadziwenso kuti DNA imaonongeka nikonzedwa. Nthawi zina kagulu kochedwa methyl, ka carbon mmodzi ndi hydrogen atatu, kamamatirira molakwika pa adenine kapena cytosine, ndipo selo limalephera kuwerenga bwino pamalopo. Mu 2002 anthu ophunzira anaona kuti enzyme yochedwa AlkB imacotsa kaguluko mothandizidwa ndi citsulo ndi oxygen, osadula cingwe ca DNA konse.

Atabwerera ku Basel, anapeza nuclein wocuruka mu umuna wa nsomba za salmon za mu mtsinje wa Rhine. Popeza nuclein imaonongeka msanga pofunda, anali kulawirira m'bandakuca kukagwira nchito m'cipinda cozizira, osasonkha moto m'nyengo yacisanu. Potsiriza anadwala cifuwa cacikuru, namwalira ku Davos pa 26 August, 1895, ali ndi zaka 51.