David Bruce, dokotala amene anapeza cimene cimaondetsa ng'ombe ku malo a kashembe

Mlimi wa ku Petauke, Mambwe kapena Chama adziwa bwino kuti ng'ombe ikalumidwa ndi kashembe imaonda, imalephela kukoka pulawo, ndipo nthawi zambili imafa. Munthu amene anaonetsa cimene cimacitika m'magazi a ng'ombe yotele anali Sir David Bruce, dokotala wa asilikali a Britain.

Bruce anabadwila ku Melbourne m'dziko la Australia mu 1855, koma anakulila ku Scotland ndipo anatsiliza maphunzilo a udokotala ku Edinburgh mu 1881. Mu 1883 anakwatila Mary Elizabeth Steele, mkazi waluso pa nchito yoyeza magazi ndi kujambula tuzilombo.

Nchito yake yoyamba yochuka inali pa cisumbu ca Malta, kumene asilikali anali kudwala kutentha thupi kwa miyezi. Mu 1887 Bruce anasindikiza zimene anapeza: kacilombo kamene anakacotsa mu kapamba ya odwala amene anafa. Mu 1905 dokotala wa komweko, Themistocles Zammit, anapeza kuti kacilomboka kali mu mbuzi ndipo kamafika kwa anthu kupyolela mu mkaka. Asilikali atawaletsa mkaka wa mbuzi, matenda anacepa kwambili. Mu 1920 mtundu wa tuzilomboti unapatsidwa dzina lakuti Brucella. Mbale wake wa kacilombo ka ku Malta ndiye amataitsa ng'ombe zathu ana m'mimba, n'cifukwa cake alangizi amati mkaka tiziwilitsa.

Mu 1894 boma la Natal linatumiza Bruce ku Zululand, ku South Africa, kumene ng'ombe zinali kutha ndi matenda ochedwa nagana. Aweti a Cizulu anali kunena kuti matendawa amabwela ndi nyama zakuthengo. Alenje a Cizungu anali kunena kuti ndi ululu wa kashembe. Bruce ndi mkazi wake anakhala pa phili la Ubombo ndi kuyesa zonse ziwili. Anatsitsa ziweto zabwinobwino kucigwa ca kashembe, zinadwala. Anakwela ndi akashembe paphili nawalumitsa mahachi, anadwala. Anabaya agalu magazi a nyama zakuthengo, nawonso anadwala. Malipoti ake, kuyambila la 1895, anaonetsa kuti kacilombo kamakhala mu nyama zakuthengo popanda kuzidwalitsa, ndipo kashembe ndiye amakanyamula kupita nako kukhola. Motelo aweti aja sananame. Mu 1899 kacilomboko kanachedwa Trypanosoma brucei.

Mu 1903 anapita ku Uganda, kumene kaodzela anali kupha anthu zikwizikwi m'mbali mwa nyanja ya Victoria. Aldo Castellani ndiye anayamba kuona kacilombo mu madzi a mumsana a odwala, ndipo gulu la Bruce linaonetsa kuti kumene kuli kashembe wa m'mphepete mwa madzi ndi kumene kuli matenda. Mkangano wakuti ulemu upite kwa ndani unatenga zaka.

Nkhaniyi inafikanso kwathu. Kaodzela wopha msanga anadziwika mu 1910 m'magazi a munthu amene anamutengela ku cigwa ca Luangwa, ndipo kacilomboko kanachedwa rhodesiense. Kuyambila 1911 mpaka 1914 Bruce anatsogolela ofufuza za matendawa ku Nyasaland, Malawi wa lelo. Kumeneko analangiza kuti nyama zakuthengo ziphedwe. Uphungu umenewu unawonongetsa nyama zambili m'madela ena a Africa, ndipo masiku ano akatswili amadalila misampha, nsalu zopakidwa mankhwala, kupopela ng'ombe ndi jekeseni.

Bruce anasindikiza mapepala a zofufuza oposa 100, ndipo angapo ali ndi dzina la mkazi wake. Mary anamwalila mu November 1931, ndipo Bruce anamutsatila patapita masiku anai cabe. Asanafe anapempha kuti aliyense wolemba za nchito yake asaiwale mkazi wake.

Inu alimi, ng'ombe ikayamba kuonda musafulumile kuloza mnansi cala. Itanani mlangizi wa ziweto ayeze magazi, ndipo mumuuze zonse zimene mwaona kubusa.