Jane Austen, Mlembi wa Nkhani za Chikondi

Jane Austen anabadwa m'chaka cha 1775 ku Steventon, m'dziko la England. Atate ake anali mbusa wa mpingo, ndipo iye anayamba kulemba akali mtsikana, namawerengera abale ake nkhanizo kuti aseke.

Buku lake lomveka, Pride and Prejudice, analiyamba mu 1796. Chaka chotsatira atate ake analembera kalata wosindikiza mabuku ku London, koma iyeyo anakana osaliwerenga n'komwe. Jane sanalitaye. Analisunga, nalikonzanso, nalifupikitsa, kufikira linasindikizidwa mu 1813. Anzanga, ife timanyinyirika aphunzitsi akangotibwezera chimangirizo kamodzi kokha! Ku Chawton, kumene anamalizira ntchitoyi, ankalemba pa kagome kakang'ono, pa timapepala tosavuta kubisa mlendo akalowa.

Chodabwitsa n'chakuti mlembi wa za maukwati ameneyu sanakwatiwe. Mu 1802 mnyamata wa pabanja lolemera, Harris Bigg-Wither, anamfunsira mbeta. Anavomera madzulo, koma kutacha anabweza mawu, ngakhale kuti analibe chuma chakechake.

Anamwalira ku Winchester mu 1817 ali ndi zaka 41, dzina lake lisanalembedwepo pa buku lake ndi limodzi lomwe.